Mwana amene sankalota

Zikomo amayi ndi abambo, zikomo agogo athu muli kumbuyoko. Andipatsa mphindi zochepa nsima isanazizire kuti tikambirane za ana ndi maloto oopsa. Ndiyambira pa sewero la pa TV, ndiye musandiseke.

Amene munali kale kuno ku Britain mu 2010 mwina mukukumbukira pulogalamu ya pa CBBC, kanema wa ana wa BBC, yotchedwa The Sarah Jane Adventures, mphukira ya sewero lina lotchedwa Doctor Who. Ndi nkhani ya mayi wina mtolankhani wa ku Ealing, mu London, amene amalimbana ndi zolengedwa zochokera kumlengalenga mothandizidwa ndi ana oyandikana nawo nyumba. Ankasewera mayiyo ndi Elisabeth Sladen, amene anatisiya mu 2011. Mu Okutobala 2010 anaonetsa gawo lotchedwa The Nightmare Man, lolembedwa ndi Joseph Lidster. Ine ndinaonera ndili chiimire pakhomo la kukhitchini, mthiko uli m'manja, mpaka ndiwo zinapserera.

M'seweromo mayiyu, Sarah Jane, ali ndi mnyamata womulera, Luke. Luke sanabadwe ngati ife, anachita kupangidwa ndi zolengedwa zija, moti alibe ndi mchombo womwe. Nzeru zokhazokha. Ndipo chipangidwire sanalotepo. Wakhoza mayeso nthawi yake isanakwane, wapeza malo ku yunivesite ya Oxford, aliyense akumuyamikira. Kwangotsala masiku owerengeka kuti anyamuke, mwana uja wayamba kulota.

M'malotomo mukubwera chimunthu cha nkhope yoyera mbuu, m'maso muli bii, chimene chimadya mantha a anthu n'kumakula mphamvu. Koma tamverani zimene chikumuonetsa Luke. Si mikango ayi, si njoka. Akulota kuti mayi ake ndi anzake akusangalala kuti akuchoka, ndipo akangotuluka pakhomo amuiwala. Anzake awiri nawonso chikuwagwira pamene pali bala. Clyde, amene amafuna kudzakhala katswiri wojambula, akudziona atakula akugulitsa mabanzi a nyama aja amati mabega. Rani, wofuna utolankhani, akudziona ali pa TV akukakamizidwa kuulula zinsinsi za mayi yemwe uja amamukonda.

Chimene chinandibaya n'chakuti Luke akafuna kutchula chimunthucho, mawu sakutuluka. Chamutseka pakamwa. Anthu a m'nyumba akumanga katundu, akukonza phwando lotsanzikana, iye akumwetulira nawo, kwinaku akuopa kuti kuda.

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka 11 nthawi imeneyo, atangoyamba sekondale. Kwa masabata angapo ankabwera kuchipinda kwathu m'bandakucha, n'kuima chete kumiyendo kwa bedi atakumbatira pilo. Ine, wotopa ndi mashifiti, yankho langa linali limodzi: "Pemphera, kagone." Kupemphera n'kwabwino, abusa muli pano musandiyang'ane choncho. Koma sindinamufunsepo ngakhale kamodzi kuti walota chiyani. Sewero lija litatha ndinamufunsa tikutsuka mbale. Anati amalota akusochera m'makonde a sukulu, zitseko zonse zofanana, belu likulira, iye osapeza kalasi. Basi. Ine n'kuti nditayamba kale kuganiza za achibale akumudzi amene sanasangalale titabwera kuno. Mukuseka chifukwa mukudziwa, enanu munafika poimba foni kumudzi.

Tsopano pang'ono za m'thupi. Tulo timayenda mozungulira, ulendo umodzi pafupifupi mphindi 90, ndipo pa ulendo uliwonse pali chigawo chimene madokotala amachitcha REM, pamene maso amayendayenda kunsi kwa zikope, ubongo uli kalikiliki ngati munthu ali maso. Maloto ambiri amene timawakumbukira amabwera pamenepo. Chigawochi chimatalika kukamayandikira kucha, n'chifukwa chake mwana wolota zoopsa amakupezani tambala atatsala pang'ono kulira, kwa amene mukukumbukira tambala. Amadzuka, amakuzindikirani, ndipo angathe kufotokoza.

Pali china chosiyana chimene chimatisokoneza makolo. Mwana wamng'ono, atangogona maola awiri kapena atatu, amadzambatuka n'kukuwa, maso ali tong'o, thukuta lili kamukamu, koma inu osakuzindikirani. Ameneyo sanadzuke, ali m'tulo tofa nato. Musamugwedeze. Khalani pambali, muonetsetse kuti asagwe kapena kudzigunditsa, zimatha zokha. M'mawa sakumbukira kanthu, wovutika ndinu amene munaona.

Kutentha thupi kumabweretsanso maloto oipa, kugona mochedwa chimodzimodzi. Ndipo inu amene mumapita ndi ana kumudzi pa holide, mankhwala ena oteteza malungo, makamaka mefloquine, amadziwika kuti amalotetsa zachilendo. Mukaona zimenezo auzeni adokotala mwamsanga, musangosiya mwana wopanda chitetezo. Komanso maloto akamabwera usiku ndi usiku mpaka mwana kumaodzera m'kalasi, kapena akayamba pambuyo pa ngozi, maliro kapena nkhanza, pitani kwa GP, dokotala wanu wa banja. Nthawi zina mwana amakhala akunena za munthu weniweni amene akumuzunza.

M'sewero muja, ana atatu aja anali aliyense m'maloto ake, payekhapayekha. Chimunthu chinagonja atapezana mkati mwa malotomo n'kuima pamodzi. Luke anapitabe ku Oxford, atatenga K9, kagalu kachitsulo ka mayi ake.

Kwathu kunalibe kagalu kachitsulo. Tinachita zimene akatswiri a za tulo amalangiza: kukamba lotolo masana, dzuwa lili phwee, n'kulisintha mathero. Mwana wanga anajambula makonde aja papepala, n'kuika mnzake wa m'kalasi ataima pakhomo limodzi akumukodola. Tinkaliyang'ana madzulo asanagone. Loweruka lina tinakayenda kuzungulira mpanda wa sukuluyo, iye akundilozera mawindo a makalasi ake. Maloto sanathe tsiku limodzi, koma kuima kumiyendo kwa bedi kuja kunayamba kuchepa. Pepalalo linakhala pa firiji mpaka tinasamuka nyumba.

Amayi mwakweza dzanja apo, funsani, abale akukhitchini akutikodola kale.