Ndani amauza boma zochita? Umboni wochokera ku Mchinji, ndi bodza limodzi londitopetsa

[Wolankhula ayang'ana kamera, kumbuyo kwake msika wa pa Mchinji Boma]

Mu 1993 dziko la Malawi linachita chinthu chomwe dziko lina lililonse mu Africa linali lisanachite. Si za mpira ayi, musaseke. Ndi za mankhwala a malungo. Mu 2011 tinabwerezanso pa nkhani ina, mpaka a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, ku Geneva anachita kubwera m'mbuyo mwathu. Ndiye ngati ndinu mmodzi mwa aja amati boma lathu limangomvera azungu, musachoke, vidiyoyi ndakukonzerani inuyo.

Muli bwanji nonse, a kuno ku Boma, a ku Kamwendo, ku Kapiri, ku Mkanda, ndi inu muli ku Joni amene mumaonera usiku mukaweruka. Lero tikufunsa kuti boma likamasintha mankhwala kuchipatala, feteleza m'thumba, kapena katemera wa mwana kusikelo, limakhala lamva kwa ndani? Dinani subscribe kaye, ndi zaulere, bandulo yanu siitha ndi kudina kamodzi.

Zoyambira tizithamangire. Akatswiri alipo, ndipo ali ndi malo awo. Zaulimi: malo a kafukufuku a Chitedze, amene mumawadutsa pa msewu wopita ku Lilongwe muli m'tulo mu minibasi, kuphatikiza a ku sukulu ya zaulimi ya Bunda. Zaumoyo: madokotala a ku unduna ndi sukulu ya madokotala ku Blantyre. Zamvula: nthambi yoona zanyengo. Pamwamba pake pali bungwe la National Commission for Science and Technology, lomwe lamulo la 2003 linalipatsa ntchito yolangiza boma pa za sayansi. Basi. Mayina enawo mukawapeza nokha.

Tsopano njira imene uphungu umayenda.

Nambala 1, vuto limaoneka. Ana akumwa mankhwala koma sakuchira. Chimanga chikuchita chikasu ngakhale mwathira feteleza.

Nambala 2, wina amapita kukayeza. Osati kungomva m'maluwa, koma kutenga magazi, kukumba dothi, kuwerenga anthu. Chitsanzo chachangu: akuluakulu mukukumbukira Chitowe, 23:21:0+4S, feteleza wokulitsa amene tinakula naye. Yang'anani thumba la masiku ano, palembedwa 23:10:5+6S+1.0Zn. Manambala amenewo sanasinthe chifukwa chokongoletsa thumba. Anayeza dothi la m'maboma osiyanasiyana n'kupeza kuti likuperewera potaziyamu ndi zinki, zomwe mu Chitowe munalibe.

Nambala 3, zotsatira zimapita ku komiti. Ku ulimi kuli komiti yotchedwa Agricultural Technology Clearing Committee, imene imavomereza mbewu kapena njira yatsopano isanafike kwa mlangizi. Mtedza wa CG7 umene wadzadza m'minda ya kuno unatulutsidwa mu 1990 utayesedwa kaye m'minda ya kafukufuku. Ku zaumoyo nakonso kuli magulu a akatswiri amene amakhala pansi, kukangana, kenako kulembera mlembi wamkulu ndi nduna.

Ndiimire pompa, chifukwa apa ndi pamene bodza lija limalowera.

[Pa sikirini zilembo zikuluzikulu: "BOMA LIMANGOKOPERA ZA AZUNGU"]

Pansi pa vidiyo iliyonse imene ndaika, wina amalemba kuti: "Achimwene, musatinamize, kuno kulibe sayansi. Azungu akanena, ife timangoti inde bwana." Ndimamvetsa komwe mawuwa akuchokera. Ndalama zambiri za mankhwala ndi zakunja, palibe angatsutse. Koma kunena kuti nzeru zonse zimatsika pa ndege ku Lumbadzi, abale anga, limenelo ndi bodza, ndipo likunyoza anthu amene anagwira ntchito yeniyeni.

Tiyambe ndi chloroquine. Amene munabadwa kale mukukumbukira kuwawa kwake, ndi kuyabwa thupi lonse usiku. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kafukufuku wochitika m'zipatala za m'dziko muno anaonetsa kuti ana ambiri akamwa chloroquine, tizilombo ta malungo timatsalabe m'magazi, mwana amadwalanso, magazi n'kumachepa. Tizilombo tinali titawazolowera mankhwalawo. Mu 1993 unduna wa zaumoyo unasiya chloroquine n'kuika Fansidar ngati mankhwala oyamba. Dziko loyamba mu Africa kutero. Kenya inasintha mu 1998, Tanzania mu 2001. Tinakopera kwa ndani pamenepo? Wokoperayo amakhala patsogolo?

Ndipo imvani izi, zimandisangalatsa kwambiri. Patatha zaka zoposa 10 chloroquine atachotsedwa, ofufuza ku Blantyre anamuyesanso pa ana, ndipo zotsatira za mu 2006 zinaonetsa kuti wayambanso kugwira ntchito, pafupifupi ana 99 mwa 100 anachira. Tizilombo tosamva mankhwala tija tinazilala chifukwa mankhwalawo sanalinso kugwiritsidwa ntchito. Akatswiri a malungo padziko lonse anaphunzira zimenezo kuchokera kuno. Koma chonde, musathamangire kugolosale kukafuna chloroquine, sindinanene zimenezo. Kuyambira 2007 mankhwala oyamba ndi LA, ndipo kuyezetsa kaye.

Yachiwiri, imene ndimaikonda kuposa zonse. Mu 2010 a WHO anatulutsa malangizo a momwe mayi woyembekezera amene ali ndi HIV angatetezere mwana. Anapereka njira ziwiri, A ndi B, ndipo zonse zinkafuna kuti mayi ayezedwe kaye chitetezo cha m'thupi, CD4, kuti adziwe mankhwala omupatsa. Pa pepala zinali bwino. Koma a ku unduna wathu anadzifunsa kuti, pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, makina a CD4 ali kuti? Magazi apite ku Boma, zotsatira zibwere patatha masabata, mayi uja wabwerera kwawo mtunda wautali, ena sabweranso. Ndiye anati ayi, ife tichita zathu: mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachilombo, ayambe ma ARV pompo, moyo wake wonse, popanda kudikira CD4. Anaitcha Option B+, inayamba mu 2011. Ena kunja anadandaula kuti palibe kafukufuku wokwanira, kuti ndi zodula. Manambala ake ndi awa: m'miyezi itatu ndondomekoyi isanayambe, amayi otere amene anayamba mankhwala anali 1,257. Pa miyezi itatu ya chaka chotsatira, 2012, anafika 10,663. Mu 2013 a WHO anaiika njira imeneyi m'malangizo awo a dziko lonse lapansi.

Bwezani pang'ono mumverenso. Malangizo anachoka ku Lilongwe kupita ku Geneva.

"Koma izo ndi za ku Lilongwe." Chabwino, tibwere pakhomo. Mtukula Pakhomo unayambira kuti? Kuno ku Mchinji, mu 2006. Sindibisa, lingaliro lake linali litayesedwapo ku Kalomo, kwa anzathu a ku Zambia, ndipo UNICEF inathandiza. Koma funso loti kodi zingagwire ntchito kwa Amalawi linayankhidwa m'midzi ya kuno. Anasankha mabanja osaukitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, agogo olera ana amasiye ndi ena otero, pafupifupi mabanja 10 mwa 100 alionse. Ndalama zake zinali K600 pa mwezi kwa munthu wokhala yekha, mpaka K1,800 kwa banja la anthu 4 kapena kuposerapo, kuonjezera K200 pa mwana wa pulayimale ndi K400 wa sekondale. Achinyamata musaseke, K600 ya nthawi imeneyo si ya lero.

Anthu ankati ndalama zaulere zithera ku kachasu. Ofufuza a Centre for Social Research ya Yunivesite ya Malawi pamodzi ndi a Boston University anayerekeza midzi yolandira ndi midzi imene inali isanayambe kulandira, n'kumabwererako kukaona kusintha. Anapeza kuti mabanja olandira akudya bwino, agula nkhuku ndi mbuzi, makasu, ndipo ana ambiri ali kusukulu. Pofika 2018 ndondomekoyi inali m'maboma onse 28. Agogo wa ku Nsanje amene akulandira lero, umboni woyamba unachokera kwa agogo anzake a kuno.

Ndionjezere ina, ndikudziwa nthawi ikutha. MaiMwana, kafukufuku wa umoyo wa amayi ndi ana amene anachitika kuno ku Mchinji. Amayi ambiri a kuno munakhalapo m'magulu aja, kukambirana za uchembere, kupeza vuto, kupeza yankho lake nokha. Zotsatira zake zinatuluka mu 2013, ndipo mu 2014 a WHO analimbikitsa magulu otere a amayi kumadera akumidzi, potengera kafukufuku wa ku Nepal, India, Bangladesh ndi Malawi. Malawi wake uti? Mchinji ali momwemo. Katemera wa malungo nayenso, atayamba kuperekedwa mu Epulo 2019, Mchinji linali limodzi mwa maboma 11 oyambirira, ndipo a WHO anamuvomereza mu Okutobala 2021 ataona zomwe zinachitika kuno, ku Ghana ndi ku Kenya. Amayi amene munanyamula ana kupita nawo kusikelo, umboni umene anauwerenga ku Geneva ndi ana anu amenewo.

Ndiye wolemba ndemanga uja, ndikudziwa mukuonera, lembaninso. Koma ulendo uno bwerani ndi chaka ndi dzina la ndondomeko.

[Nyimbo pang'ono]

Mwachangu: amene muli ndi bizinesi, kaya mumagula mtedza ndi soya, kaya muli ndi shopu ya zipangizo zaulimi, malo otsatsira malonda alipo pakati pa vidiyo ngati pano. Ndilembereni uthenga. Ndipo gawirani vidiyoyi ku gulu la pa WhatsApp la kwanu, makamaka lija muli amalume otsutsa chilichonse.

Tinali pa nambala chani? Nambala 4. Andale amasankha.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, kuphatikizapo ophunzira. Katswiri ntchito yake ndi kukuuzani kuti mtsinje wa Bua wadzadza, madzi afika m'khosi. Kuwoloka kapena kugona tsidya lino, wosankha ndi amene akutsogolera ulendo. Nduna imayang'ana zinthu zimene wofufuza sanafunsidwe: ndalama zili m'thumba la boma, chisankho chikubwera, anthu avomera kapena ayi. Mu 2005 Bingu wa Mutharika anayambitsa makuponi a feteleza pamene mabungwe akunja obwereketsa ndalama sankagwirizana nazo. Zokolola zinakwera m'zaka zotsatira, mvula nayo inathandiza. Kuchokera nthawi imeneyo akatswiri a zachuma, athu omwe, akhala akunena kuti ndalama za sabuside zikumeza gawo lalikulu la bajeti ya ulimi, ulangizi ndi ulimi wamthirira n'kumatsalira. Ndani wandale angaime pa msonkhano pa Kamwendo n'kunena kuti makuponi atha? Uphungu umamveka, koma voti imalankhula mokweza.

Nthawi zina wosiyidwa amakhala katswiri wofunika. Epulo 2020, boma linalengeza m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18. Za momwe COVID-19 imafalikira, madokotala sananame. Koma wogulitsa tomato adya chiyani masiku 21? Mavenda anachita zionetsero, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC linapita kukhoti, ndipo pa 17 Epulo High Court inaletsa m'bindikirowo. Patebulo panafunika odziwa za chuma cha m'misika, osati madokotala okha.

Koma imene imandipweteka ndi ya 2002. Akuluakulu a kuno simufuna kukumbutsidwa: gaga, nthochi zosakhwima, mizu, mizere pa ADMARC. Pamenepo uphungu unalakwika mbali zingapo. A IMF, bungwe lobwereketsa ndalama kumayiko, analangiza kuti chimanga cha m'nkhokwe za boma chichepetsedwe kuchoka pa matani pafupifupi 167,000 kufika pa 60,000, koma chinagulitsidwa pafupifupi chonse. Manambala a zokolola nawo ankaonetsa kuti chinangwa ndi mbatata zilipo zambiri zotsekera kuchepa kwa chimanga, pamene m'minda sizinali choncho. Ndipo chenjezo linalipo. Chakumapeto kwa 2001 a Save the Children anafufuza kuno ku Mchinji ndi ku Salima, n'kunena kuti njala yoopsa yafika. Sanamveredwe msanga. Boma la Bakili Muluzi linalengeza za ngoziyo kumapeto kwa Febuluwale 2002, anthu atayamba kale kufa. Onani bwino: akatswiri analipo mbali zonse. Ena anali ndi manambala olakwika a mu ofesi, ena anali ndi sikelo m'mudzi akuyeza ana. Amene anamveredwa poyamba ndi a mu ofesi.

N'chifukwa chake ine wina akandiuza kuti "akatswiri anena", sindiwomba m'manja ndipo sindinyoza. Ndimafunsa kuti akatswiri ati, anayeza kuti, liti, ndipo ndani analipira.

Nambala 5, uthenga ufike kumudzi. Mlangizi mmodzi, midzi yambirimbiri, njinga yopanda tayala. Imeneyi ndi vidiyo yakeyake.

Nambala 6 ndi kubwerera kukayezanso ngati zagwira ntchito, ndipo imeneyi ndi imene imadumphidwa kawirikawiri ndalama zikatha.

Funso la sabata ino, yankhani mu ndemanga: a zanyengo akalengeza kuti mvula ikhala yochepa chaka chino, inu mumasintha mbewu kapena mumadzala mwa nthawi zonse? Nenani zoona, ndipo tchulani mudzi wanu. Sabata yamawa tikamba za chuku mu mtedza, chifukwa chake kuwaza madzi pa mtedza musanasende kumakuonongerani msika, ndi momwe amayezera poizoni wake. A ku Mkanda ndi ku Kapiri imeneyo ndi yanu. Dinani kabelu kuti isakupiteni. Tionana Lachisanu.