Zinthu Zimene Simuyenera Kulemba pa CV Yanu

Moni abale ndi alongo nonse amene mukutionera kuchokera ku Ulongwe, ku Tsangano, ku Furancungo, ku Moatize ndi mumzinda wa Tete. Lero tikambirana zinthu zoyenera kuchotsa pa CV (chikalata chofotokoza maphunziro anu ndi ntchito zimene munagwirapo) musanapite nayo kukafunsira ntchito, ndipo ndikupempha kuti muonere mpaka kumapeto, chifukwa mfundo yachitatu ndi imene imandipweteka mtima kwambiri.

Choyamba, chotsani mayina a makolo anu, mpingo wanu, chipani chimene mumachikonda komanso zoti muli pabanja kapena ayi. Wolemba ntchito sakufuna zimenezi.

Chachiwiri, musalembepo nambala ya BI (chitupa chanu cha unzika) kapena manambala 9 aja a NUIT (nambala yanu ya msonkho). CV imadutsa m'manja mwa anthu ambiri, kuyambira kwa mlonda wa pageti, ndipo simungadziwe amene angaijambule ndi foni. Akakutengani, iwo eni adzakuuzani kuti mubweretse zikalatazo.

Chachitatu ndi bodza limene lakhazikika pakati pathu, lakuti CV yokhala ndi masamba ambiri ndiyo imaonetsa kuti munthu ndi wophunzira. Abale anga, zimenezi si zoona ngakhale pang'ono. Mwana wa mlongo wanga atamaliza kalasi 12 anakwera chapa kupita ku Moatize, kumene kuli migodi ya malasha, atanyamula envulopu yakhaki yonenepa ngati buku. Nditaitsegula ndinapeza masamba 7: sukulu ya pulayimale imene anayambira kalasi 1, satifiketi ya ubatizo, kwaya imene amaimba, ngakhalenso mpira umene ankasewera kumudzi. Chinthu chenicheni chimene akanamutengera, chakuti anagwira zaka 2 pagalaja akukonza mainjini a dizilo, chinali pa tsamba 5, pansi penipeni.

Taganizirani munthu wa mu ofesi amene ali ndi mulu wa maenvulopu patebulo. Iyeyo amayang'ana tsamba loyamba, ndipo akapanda kuona chimene akufuna, amatenga envulopu ina. Ndalama zonse za fotokope zija zimangopita pachabe. Ngati munamaliza kalasi 12 kapena munaphunzira ku Instituto Superior Politécnico de Tete, palibe chifukwa cholembera kalasi 7, pakuti aliyense akudziwa kuti munadutsamo. Tsamba limodzi ndi lokwanira kwa amene akungoyamba kumene, ndipo masamba 2 ndi a munthu amene wagwira ntchito zaka zambiri. Tinakhala pansi ndi mnyamata uja, tinafufuta zonse zosafunika, ndipo galaja ija tinaiika pamwamba.

Ngati vidiyoyi ikukuthandizani, dinani batani la subscribe ndipo muitumize pa WhatsApp kwa mnzanu amene akusaka ntchito. Sabata yamawa ndidzakuonetsani kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito m'Chipwitikizi.

Chachinayi, musalembe kuti mumalankhula bwino Chingerezi pamene mumangodziwa kupereka moni. Ife a m'malire ndi Malawi timakopeka nazo zimenezi, koma tsiku lofunsidwa mafunso akhoza kungotembenuza chilankhulo mwadzidzidzi. Lembani Chipwitikizi, Chichewa ndi Chinyungwe ngati mumachidziwa, chifukwa mabungwe ogwira ntchito ndi alimi a fodya ndi mbatata ya kachewere amafuna anthu otha kulankhula ndi alimiwo.

Chachisanu, chotsani imelo yokhala ndi dzina lachibwana, ndipo musaikepo nambala ya foni imene SIM yake munaitaya kale.