Alamu, Kenwood mwagulayo musayambe mwaiyatsa

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Zithunzi za mikisa ija, makina osakanizira ufa wa keke ndi buledi, ndaziona, ndiye ndati ndingojambula mawu, zoti ndilembe zonsezi pa foni sindingakwanitse. Choyamba, musaiyatse. Ndikudziwa mtima ukukuuzani kuti mungoilumikiza pang'ono muone ngati ikuzungulira, koma ayi, isiyeni kaye patebulo pomwepo. Ngati mwayatsa kale, chabwino, musabwerezenso.

Muigadabuze. Pansi pake pali kachikwangwani kakang'ono kolembedwa nambala. Mmene ndikuonera pachithunzipa, yoyera, ya mzere wabuluu, imeneyo ndi Kenwood Chef A701 kapena A701A. Mwatola chinthu chabwino kwambiri, alamu, musamvere oti ndi chiphakasa. Kampaniyi anaiyambitsa ndi Kenneth Wood mu 1947 ku Woking, ku England. Chef yoyamba, A700, anaionetsa ku London mu 1950, kenako mu 1960 Kenneth Grange, katswiri wokonza maonekedwe a zinthu, anaikonzanso maonekedwe, n'kutuluka yanuyo ya makonamakona. A901 inabwera cha m'ma 1976. Ndiye yanuyo zaka zake zili cha m'ma 50 kapena kuposa. Ine mwa zonse ndasonkhanitsa kunozi, imene mota yake inali yakufadi ndi yosowa. Zimene zimafa ndi tizinthu totchipa tozungulira motayo.

Pakachikwangwani komweko muwerenge magetsi ake. Ikhale yolembedwa 220, 230 kapena 240V. Za ku Britain ndi za ku Joni zimagwirizana ndi magetsi athu, kungoti ya ku Joni pulagi yake ndi ya mano atatu obulungira, mumasintha. Ndikunena izi chifukwa kuli mayi ena a ku mpingo kwathu, mwana wawo anawatumizira mikisa ya KitchenAid kuchokera ku America, yokongola, yofiira. Za kumeneko ndi za 120V. Ndinawauza kuti amayi, musalumikize popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu. Iwo anangogula ka adaputala kuti pulagi ilowe m'soketi. Adaputala sichepetsa magetsi, imangosintha mano. Anangoyatsa, kulira kamodzi, utsi. Mpaka lero ili pamwamba pa kabati, ndipo zimandimvetsa chisoni ndikaiona.

Eya, tibwerere. Chingwe. Chigwireni ndi zala kuyambira ku pulagi mpaka polowera m'makinamo, mukuchipinda pang'onopang'ono. Chikakhala chouma, chong'aluka kapena chomangidwa ndi tepi, chonsecho chichoke. Mutsegulenso pulagi. Zakale za m'ma 1960 mawaya ake ndi ofiira, akuda ndi obiriwira. Wofiira ndiye wamoto, pa chingwe chatsopano ndi wabulauni. Wakuda m'malo mwake mumalowa wabuluu. Wobiriwira ndi wa ethi, woteteza kuti musagwidwe ndi magetsi, lero amakhala wobiriwira ndi chikasu. Ndibwereze, chifukwa apa anthu amasokoneza: wofiira ndi bulauni, wakuda ndi buluu. Ndipo m'pulagimo mukhale fyuzi yeniyeni. Ndapezamo kale msomali, ndapezamo pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya.

Kenako timiyendo ta mphira tapansi tija. Pachithunzi chanu ndikuona kuti tinasungunuka n'kuphwatalala. Musatione ngati tokongoletsa. Mota imakoka mpweya kuchokera pansi, ndiye timiyendo tikatha makina amakhala phwathalala patebulo, mpweya sulowa, mota imatentha. Mnzanga wina wophika masikono ndinamuuza zimenezi, iye n'kuyala thaulo pansi pake kuti asakande tebulo. Thaulo! Kutsekeratu ndi kampata komwe kanatsala. Timiyendo takaleto musatichotse ndi mpeni wakuthwa, mungakande penti, mutikolokose ndi sikuludiraiva yaing'ono, zotsalira mupukute ndi kansalu konyowetsa palafini.

Tsopano kutsegula. Musanamasule chilichonse, jambulani. Mukachotsa chinthu chimodzi, jambulaninso. Masikuluu muziwaika m'tizivindikiro ta mabotolo malinga ndi komwe achokera. Zovindikira zakunjazo simuvutika nazo, muona nokha mmene zikuchokera. Mukachotsa chapamwamba muona lamba wa manomano wochokera ku mota kupita ku magiya. Muone ngati mano ake alipo onse. M'katimo mupeza ufa wouma wa zaka zambiri, mwina ndi mazira a mphemvu. Burashi youma ndi kupemerera basi. Madzi ayi. Sopo ayi. Madzi asayandikire mota.

Mota imatulukira pansi. Koma dikirani, musanaitulutse... ayi, itulutseni, koma musakhudze masikuluu awiri okhala ndi masipulingi. Amenewo ndiwafotokoza bwino, ndi pamene pagona nkhani yonse.

Ndiyambe ndi makapasita. Kumunsi kwa mota kuli kambale kokhala ndi makapasita, tizipangizo tosunga magetsi kwakanthawi, ndi rezisita yaikulu yochepetsa mphamvu ya magetsi. Makapasita akale amang'aluka, chinyezi chimalowa, ndiye tsiku lina mukuphika keke mumangomva phuu, utsi wonunkha kudzaza khitchini yonse. Anthu ambiri amataya makina pamenepa poganiza kuti mota yapsa, chonsecho ndi kapasita chabe. N'chifukwa chake ndati musayatse. Musinthe onse, ngakhale ooneka abwinobwino. Nambala zake zalembedwa pathupi pake, mukopere pa pepala momwe zilili, ndipo atsopanowo akhale olembedwa X2 ndi 275V, opangidwira magetsi a m'nyumba. Osati ozula m'wailesi yakufa. Ngati kuwotcherera simukudziwa, pitani nayo kwa okonza ma TV, koma mukhale pomwepo akamagwira. Ikanakhala A901 bwenzi ndikunena zoti asinthenso triac, kachipangizo kakuda ka miyendo itatu, koma yanuyo nkhani yake ndi ina.

Mabulashi a kaboni, awiri, uku ndi uku m'mbali mwa mota, ngati a m'girenda momwemo. Akafupika kwambiri musinthe onse awiri limodzi. Akakhala aatali bwino mubwezeretse, koma lililonse kumbali komwe linachokera ndiponso moyang'ana momwe linalili, chifukwa nsonga yake inadyeka mogwirizana ndi mkuwa umene limakhudza. Muike kachizindikiro ndi pensulo musanalisolole. Mkuwawo ukada mupukute ndi kansalu kouma.

Tsopano masikuluu awiri aja. Mvetserani bwino, alamu, ngati kuli phokoso kumeneko lowani m'nyumba.

Liwiro la makina amenewa silimayendetsedwa ndi kompyuta ayi. Kumapeto kwa mota kuli kachitsulo kamene kamatambasuka mota ikathamanga. Kakatambasuka kamakankha tizitsulo tiwiri togundana pakambale paja, tija todutsitsa magetsi. Tikalekana, mphamvu imachepa, mota imachepetsa liwiro, kachitsulo kaja kamabwerera, tizitsulo tigundananso. Zimachitika kambirimbiri pa sekondi imodzi, n'chifukwa chake mukamatchera khutu mumamva kulira kwa tcherrr ili pa liwiro lotsika. Mukamapotokola chozungulira cha manambala chija chosinthira liwiro, mukungosendeza kambaleko kufupi kapena kutali. Ndiye kambaleko kamagwiridwa ndi masikuluu awiri a masipulingi. Mmene amangidwiramo ndi mmene liwiro lilili. Sali omangitsa mpaka kumapeto, ndipo sakuyenera kutero. Ndibwereze: mukawapeza ngati olefuka, si kuti anamasuka okha. Anawasiya choncho dala ku fakitale.

Apa ndi pamene panandisautsa ine pa A701 yanga yoyamba. Nditasintha makapasita n'kubwezeretsa zonse, ndinaika pa liwiro lotsikitsitsa, makina n'kunyamuka ndi mphamvu zonse, mbale kunjenjemera. Kupotokola chozungulira, palibe kusintha. Ndinatsegulanso, kuyeza makapasita ndi mita yoyezera magetsi, abwinobwino. Kuyeza rezisita, yabwinobwino. Mabulashi ali m'malo. Vuto lonse linali masikuluu awiriwo, kambale kanali patali moti kachitsulo kaja sikamafikako n'komwe, ndiye panalibe chochepetsa mphamvu. Zikapendekera mbali inayo zimakhalanso zina, makina amangogwedezeka, kuyenda n'kuima, kuyenda n'kuima, kapena osadzuka n'komwe pa manambala oyambirira.

Ndiye chitani chonchi. Musanawamasule, tengani rula muyeze kutalika kwa sipulingi iliyonse mmene ilili yopanikizidwa, mulembe. Ya kumanja payokha, ya kumanzere payokha. Kenako pomasula muziwerenga kuti mwazungulitsa kangati mpaka sikuluu itatuluka, mulembenso. Pobwezeretsa, kuchuluka komweko. Ayi, sindikunena kuti musankhe njira imodzi, chitani zonse ziwiri, rula ndi kuwerenga, chifukwa kuwerenga munthu amasokonezeka mwana akangomuitana. Ndipo mukapita nayo kwa wokonza ma TV uja mumuuze zimenezi asanagwire sikuludiraiva. Mnyamata wina waluso ndithu pa mawailesi ndinamuchenjeza, anandiyankha kuti madala, sikuluu ndi sikuluu. Anamangitsa onse awiri mpaka kulimba gwa. Mwini makinawo anabwera nawo kwa ine akudandaula kuti amuonongera, pamene panalibe choonongeka, panangofunika kubweza masikuluuwo m'malo mwake.

Mukabwezeretsa zonse, kuyesa kwake n'kotere. Ikani pa liwiro lotsikitsitsa, popanda chomenyera chilichonse, chitsulo chija chosakanizira m'mbale, isiyeni iyende mphindi zingapo itenthe pang'ono. Matani kachidutswa ka tepi pa chozungulira chija chimene mumalowetsamo chomenyera, muziwerenga tepiyo ikamadutsa. Izidutsa pafupifupi kamodzi pa sekondi iliyonse, ndiye kuti cha m'ma 60 pa mphindi. Ikachuluka kapena kuchepa, zimitsani, zulani pulagi kukhoma, ndati zulani, kuzimitsa kokha sikukwanira chifukwa kambale kaja kamakhala ndi moto. Mupotokole masikuluu onse awiri mofanana, pang'ono chabe, kagawo kamodzi mwa magawo anayi a kuzungulira. Onse awiri, mbali imodzi. Mukapotokola imodzi yokha kambale kamapendekeka. Kenako lumikizani, werenganinso. Zimatenga nthawi, musapse mtima. Tizitsulo togundana tija tikada, mudutsitse kapepala kolimba pakati pake kangapo, osati fayilo.

Magiya. Mukaona timadontho ta mafuta abulauni tikutsikira m'mbale, musachite mantha. Girisi wakale amachita ngati chiponde chokhalitsa m'botolo, mafuta amalekana n'kuyenderera, chotsalacho n'kuuma gwa. Mutsegule bokosi la magiyalo, mujambule mmene akhalira, makamaka tiwashala topyapyala, timakonda kumatirira ku girisi n'kutayika limodzi naye. Mupale wakale yense, mutsuke ndi palafini, muumitse bwinobwino fungo lithe. Girisi watsopano akhale wa makina a zakudya, pachitini pamalembedwa NSF H1. Wa galimoto ayi, alamu. Ndikudziwa ku garaja angakupatseni waulere, koma bokosilo lili pamwamba penipeni pa mbale, chilichonse chodontha chikugwera mu keke ya anthu. Musadzazenso mpaka pakamwa, mupake mano onse mokwanira, malo ena atsale.

Za penti ndinene mwachidule. Ine sindipenta pokhapokha itasupuka kwambiri. Nsalu yonyowa pang'ono ndi sopo wa mbale kunja kokha, muona ikuyera. Tizipsera take tisiyeni. Ndipo kachikwangwani kapansi kaja musakachotse, mukafuna zipangizo ndi komwe kadzakuthandizeni.

Chomenyera cha K chija, mwachiona, chili ndi chilembo K pakati. Pamwamba pake pali nati. Mukachilowetsa n'kutsitsa mutu wa makina, chizitsala pang'onong'ono kukhudza pansi pa mbale, pepala lizitha kudutsa. Chikamagunda, masulani nati ndi sipanala, chikwezeni, mangani. Chikakhala m'mwamba kwambiri shuga ndi majarini zimatsalira pansi osasakanizika. Chomenyera mazira chimodzimodzi. Ngowe yokandira ufa wa buledi, imeneyo liwiro lotsika lokha, ndipo pa makina a zaka zimenezi ine sindipitirira kilogalamu imodzi ya ufa pa ulendo umodzi. Mayi ena ogulitsa mandasi ndinawakonzera yawo bwinobwino, ndinawauza za kilogalamu imodziyi, iwo ankathira ufa mpaka m'milomo mwa mbale kuti achite changu m'mawa. Sipanapite nthawi lamba anatha mano, mota ikununkha. Gawani kawiri, muipumitse pakati. Ikamatentha moti dzanja silingakhalepo, zimitsani.

Aa, ndatsala pang'ono kuiwala. Mukamauza mphwanu wa ku Britain uja kuti akugulireni timiyendo, lamba ndi makapasita, mumupatse nambala yonse, A701 kapena A701A, momwe yalembedwera. Ndipo asagule mbale kapena chomenyera cha Major. Major ndi ina, yaitali, mbale yake ndi ya malita 6.7 pamene ya Chef ndi ya 4.6, zomenyera zake n'zazitali, pa yanuyo mutu sutsekeka. Za kutsogolo zija, chopera nyama ndi zina, afunsenso wogulitsa ngati zili za A701, chifukwa za A901 polowera pake n'posiyana. Mbale yanuyo ngati ndi yagalasi loyera lija muisunge padera pamene mukugwira ntchitoyi, ikasweka kuipeza n'kovuta kuposa china chilichonse pa makinawo.