Za purosesa ya K ija

Mphwanga, wadzuka bwanji? Uthenga wako ndaumva usiku, koma kuno kunali kutada kale, ndiye ndati ndikuyankhe m'mawa uno ndisananyamuke kupita kuntchito. Ndamva kuti mtima uli dyokodyoko kufuna kugula i7-4770K, purosesa (ubongo wa kompyuta) ya kampani ya Intel. Tadikira kaye, undimvetsere.

Chilembo K chija sichitanthauza kuti purosesayo ili ndi zonse ayi. Chimangonena kuti a Intel sanaitsekere liwiro, ukhoza kulowa mu BIOS, pamene umasinthira makonzedwe a kompyuta ikamayaka, n'kukweza multiplier, nambala yochulukitsira liwiro, kuti izithamanga kuposa mmene inachokera kufakitale. Ndi zija amati overclocking. Basi. Koma pa mtundu umenewo, wa Haswell wa mu 2013, anakupatsa liwiro n'kukulanda zina. 4770K ilibe VT-d (yothandiza kupereka chipangizo chathunthu kwa virtual machine), ilibe TSX (yofulumizitsa mapulogalamu ochita ntchito zambiri nthawi imodzi), ilibenso vPro (yoti makampani aziyendetsera makompyuta awo ali patali). Pamene i7-4770 wamba, yopanda K, inatuluka nazo zonsezo. Ngakhale 2600K ya mu 2011 VT-d inalibenso.

Ndiye ufunsa kuti chifukwa chiyani. Mkati mwake kachipangizoko n'kamodzimodzi, amangozimitsa zinazo dala kufakitale, ndipo iwe sungathe kuziyatsanso. Ine ndimaona kuti ndi nkhani ya malonda. Ya K anapangira anthu a magemu, vPro ndi VT-d anasungira makampani, kuti wofuna zamphamvu zenizeni za ntchito atulutse ndalama zambiri, agule Xeon, purosesa ya Intel ya makompyuta akuluakulu a makampani. Umboni wake ndi woti mu 2014 anatulutsa i7-4790K, ya K yomweyonso, yolowa pa socket (malo oikapo purosesa pa motherboard) yomweyo ya LGA 1150, koma VT-d ilimo. Sikuti zinali zosatheka.

Tsopano apa ndi pamene pakukhudza iweyo. Unandiuza kuti ukufuna kuphunzira ma virtual machine, makompyuta ongoyerekeza oyenda mkati mwa kompyuta yeniyeni. Kungoyendetsa Linux mkati mwa Windows, 4770K itha bwinobwino, chifukwa VT-x, yofunika poyendetsa virtual machine, ili nayo. Koma tsiku limene udzafune kupereka graphics card yonse kwa virtual machine kuti iziigwiritsa ntchito yokha, pamenepo ndi pofunika VT-d, ndipo udzagwira njakata. Ine zinandionekera. Ndinakhala usiku wonse ndikufufuza mu BIOS, kumaganiza kuti ndalakwitsa penapake, osadziwa kuti chinthucho mulibe.

Za TSX usade nkhawa. Mu 2014 a Intel anaipeza ndi vuto pa Haswell ndipo anaizimitsa okha kudzera mu microcode, kapulogalamu ka mkati mwa purosesa, moti ngakhale amene anali nayo sanapindule nayo kwenikweni.

Ndiye chita chonchi. Usanapereke ndalama, lemba nambala ya purosesayo pa tsamba la Intel, utsike mpaka pamene palembedwa VT-d, uone ngati pali Yes. Uonenso kuti motherboard yake ikuvomera VT-d, chifukwa nayo imafunika. Ukaipeza 4790K tenga imeneyo, ikasowa 4770 wamba ikukwanira. Unditumizire chithunzi cha zimene wapeza ndione kaye. Uwapatse moni amayi, uwauze kuti ndiwaimbira Lamlungu.