Makalata a Omvera: Si Chofiira Chilichonse Chili Tcheri

Moni nonse amene mwatchera khutu. Yakwana nthawi ya makalata anu, ndipo sabata ino ambiri mwalemba za matcheri azitsamba, aja sakula n'kukhala mtengo wautali koma amatakata kuyambira pansi, munthu n'kumathyola zipatso ali chiimire. Ndiyamba ndi afupiafupi, chifukwa pali kalata ina imene ndikufuna tiikhalire pansi.

Bambo wina akuti: "Ndili ndi chitsamba chimodzi cha mtundu wa Nanking. Chimachita maluwa mpaka nthambi osaoneka, koma zipatso ayi. Ndichidule?" Bambo, nkhwangwa ipume kaye. Chitsamba chanucho chikusowa mnzake. Nanking sabereka bwino ndi mungu wake womwe, ndiye bzalani china chomera ku njere ina, motalikirana mamita awiri, njuchi zidzamalize ntchito yotsalayo. Musadule nthambi ya chomwecho n'kuibzala pambali, chifukwa chimenecho chidzakhalabe chitsamba chomwechi.

Mnyamata wina akuti anafesa njere za matcheri, wadikira mpaka kutopa, sizinamere. Mwana wanga, njere za matcheri zimagona tulo tofuna kuzizira kuti zidzuke. Zitsuke, uziike mu mchenga wonyowa pang'ono m'kathumba, uzisunge m'furiji pafupifupi miyezi itatu, osati mbali youmitsa madzi ija, kenako ufese.

Tsopano nayi kalata imene yandigwira mtima. Ndiwerenga yonse.

"Ndine mayi wachikulire, ndikulera adzukulu awiri. Kuseri kwa nyumba imene tikukhala tinapezako kachitsamba kobereka tizipatso tofiira, tozungulira, tokongola kwambiri. Mnzanga woyandikana naye anati amenewo ndi matcheri, amadyedwa. Mdzukulu wanga wa zaka 4 anathyola n'kudya tingapo. Madzulo anayamba kusanza ndi kudandaula m'mimba. Tinathamangira naye kuchipatala, ndipo pano ali bwino, akusewera ndi anzake. Koma ine tulo sindikutiona. Nditang'amba kachipatso kamodzi ndinapezamo tinjere tambirimbiri taphwatalala. Ndikufuna kuzula chitsamba chilichonse pabwalo, ngakhale matcheri awiri amene mwana wanga anagula ku nazale. Kodi ndafika posasamala chonchi?"

Agogo, pepani kwambiri. Choyamba ndikuuzeni kuti munachita zoyenera. Mwana atayamba kusanza simunadikire kuti kuche, munamunyamula. Munthu wosasamala sachita zimenezo, ndipo munthu wosasamala sakhala pansi n'kulemba kalata yoti ena apulumukirepo. Mtima ukhale m'malo, agogo. Mnzanu ujanso musamusungire chakukhosi, iye ananena zimene ankakhulupirira.

Zimene mwafotokozazi zikulozera ku chitsamba chimene anthu amachitcha Jerusalem cherry, dzina lake la akatswiri ndi Solanum pseudocapsicum. Chinachokera ku South America, ndipo anthu anachifalitsa m'maiko ambiri ngati chokongoletsa pakhomo. Ngakhale dzina lake likutchula tcheri, chilibe chibale chilichonse ndi matcheri. Abale ake ndi tomato ndi mbatatesi, n'chifukwa chake munapeza tinjere tambiri taphwatalala m'katimo. Maluwa ake ndi oyera, ang'onoang'ono, a nsonga zisanu, okhala ndi kachikasu kosongoka pakati. Masamba ake ndi owonda, osalala, opindikapindika m'mbali. Zipatso zimayamba zobiriwira, kenako zaolenji, kenako zofiira, ndipo zimakhalitsa pachitsamba milungu yambiri osagwa. Zili ndi poizoni amene amasanzitsa ndi kupweteketsa m'mimba, makamaka kwa ana aang'ono, agalu ndi amphaka. Chimenecho zulani ndithu, ndi mizu yomwe, ndipo musese zipatso zonse zogwa pansi, chifukwa zimamera mosavuta. Musanachitaye, dulani kanthambi kamodzi kokhala ndi masamba ndi zipatso, mukaonetse mlangizi wa zaulimi kapena munthu wodziwa bwino wa ku nazale, akutsimikizireni ndi maso ake.

Koma matcheri awiri ogula aja, agogo, ndikuwapempherera chikhululukiro. Sanalakwe kanthu. Tiyeni tiwadziwe bwino, kuti mudzathe kuphunzitsa adzukuluwo inu nomwe.

Tcheri weniweni ali ndi njere imodzi yokha, yolimba gwa, pakati pa chipatso. Masamba ake samera awiriawiri moyang'anizana, amamera mosinthana, lina uku, lina chakumtunda mbali inayo, ndipo m'mbali mwake ali ndi timano. Ngati ndi Nanking, amene kwawo ndi kumpoto kwa China, Korea ndi Mongolia, tembenuzani tsamba muligwire kunsi. Mumva tiubweya tofewa, ndipo pamwamba pake ndi pamakwinyamakwinya. Maluwa ake, oyera kapena ofiirira pang'ono, amatuluka masamba asanaphukire bwino. Zipatso zake ndi zazing'ono, pafupifupi sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo zimamatirira kunthambi chifukwa kaphesi kake n'kakafupi kwambiri. Ngati ndi mitundu ina ya matcheri owawasa, masamba ndi osalala onyezimira, ndipo zipatso zimalendewera pa timaphesi tatitali.

Apa ndichenjeze, chifukwa wina amva theka n'kuthamanga nalo. Njere zambiri zikutiuza kuti chipatsocho si tcheri weniweni. Koma njere imodzi si chilolezo chodyera. Kuli chitsamba china chokongoletsa, Daphne, chimene zipatso zake ndi zofiira, za njere imodzi, ndipo poizoni wake ndi woopsa kuposa wa chimene mdzukulu wanu anadya. Kulinso mitundu ya honeysuckle yobereka zipatso zofiira ziwiriziwiri, masamba ake oyang'anizana, imene ana amaisokoneza ndi matcheri. Choncho muyang'ane zonse pamodzi: tsamba, duwa, kakhalidwe ka chipatso panthambi, ndi za m'kati mwake. Chimodzi chikakana, chipatsocho chisalowe m'kamwa.

Ngakhale tcheri weniweniyo, mnofu wake ndiwo chakudya. M'kati mwa njere muli mankhwala otchedwa amygdalin, amene njere ikaswedwa kapena kutafunidwa amasanduka cyanide m'thupi. Njere imodzi yomezedwa yathunthu mwangozi nthawi zambiri imangotuluka, koma mwana asaphwanye njere ndi mwala n'kumadya za m'kati, ndipo wamng'ono kwambiri mumuchotsere njere kuopa kutsamwa. Nthambi zimene mwadulira musaponyere ziweto, masamba ofota a mtundu umenewu amatha kupha mbuzi kapena ng'ombe.

Ndipo kwa wina aliyense amene zoterezi zingamugwere: musamukakamize mwana kusanza, musamumwetse zosakanizasakaniza. Chotsani zotsala m'kamwa, tengani kanthambi ka chimene wadyacho, pitani naye kuchipatala. Kanthambi kameneko kamathandiza adokotala kudziwa msanga chochita.

Omvera, ndiloleni ndikudzudzuleniko pang'ono, chifukwa kalata ya agogoyi siili yokha. Pali ena angapo amene angolemba mzere umodzi: "Kwathu kuli chitsamba cha zipatso zofiira, kodi zimadyedwa?" Abale anga, zomera zobereka zofiira zilipo zosawerengeka padziko lino. Wina wati anajambula chithunzi, foni yamuuza kuti ndi tcheri. Foni imathandiza kukupatsani poyambira, koma siigwira tsamba kunsi, siing'amba chipatso, ndipo ikalakwitsa siidzakhala nanu pamzere wa kuchipatala. Winanso wati mbalame zimadya, ndiye kuti n'zabwino. Ayi! Mbalame zimadya zipatso zambiri zimene munthu zingamugoneke. Thupi la mbalame si la mwana wanu. Chimene chimandipweteka n'chakuti timasamala kwambiri posungira mankhwala ndi mipeni kutali ndi ana, koma chitsamba chimene sitidziwa dzina lake timachisiya pamalo pomwe ana amasewerera tsiku lonse. Mukasamukira pamalo atsopano, yendani pabwalo lonse, chomera chilichonse chobereka mudziwe kuti n'chiyani. Mukagula mbande, kachikwangwani ka dzina kaja musataye, lembaninso m'kabuku. Ndipo ana muwaphunzitse lamulo limodzi losavuta, lakuti asanadye chothyola, abwere nacho kwa munthu wamkulu. Agogo, inu mungaliphunzitse bwino lamulo limeneli kuposa ine.

Tipume pang'ono, tione ena.

Mayi wina akuti amakhala kudera lotentha chaka chonse, ndipo waona pa intaneti mtundu wotchedwa Carmine Jewel, akufuna kuitanitsa. Mayi, sungani ndalama zanu. Carmine Jewel anatulutsidwa ndi yunivesite ya Saskatchewan ku Canada m'chaka cha 1999, ndipo m'chaka cha 2004 anatulutsanso ena monga Romeo, Juliet, Cupid, Valentine ndi Crimson Passion. Anawapanga pokwatitsa tcheri wowawasa ndi tcheri wamfupi wotchedwa Mongolian cherry, kuti apirire chisanu chofika madigiri 40 kunsi kwa ziro. Ubwino wawo ndi woti chitsamba chimodzi chimabereka chokha, ndipo popeza ali pamizu yawoyawo, mphukira zotuluka pansi zimabereka zipatso zofanana ndi za mayi wake. Koma popanda nyengo yozizira yokwanira sachita maluwa bwino, amangovutika. Kwanuko yesani Surinam cherry, wochokera ku Brazil, wa zipatso za mizeremizere, kapena acerola, wa njere zitatu, wodziwika ndi vitamini C wochuluka zedi. Onsewa si matcheri enieni, koma amadyedwa ndipo amakonda kutentha. Surinam muzithyola akafiira kwambiri, moti ukangomukhudza agwera m'manja, apo ayi amamveka utomoni. Funsaninso alangizi musanabzale, chifukwa m'madera ena monga Florida ku America, Surinam amafalikira m'tchire n'kusanduka vuto.

Achimwene ena akuti Carmine Jewel wawo ndi wowawasa moti nkhope imakwinyika. Mwafulumira, achimwene. Ameneyo amafiira asanapse. Dikirani mpaka aderetu, kutsala pang'ono kuoneka wakuda.

"Mbalame zandimalizira zonse," akutero mayi ena. Eya, zimenezo zimalawira m'mamawa kuposa tonsefe, ndipo pulogalamu ino sizimvera. Phimbani chitsamba ndi ukonde wa timaso ting'onoting'ono zipatso zikangoyamba kusintha mtundu, muumange bwino m'munsi, ndipo muziyendera kuti mbalame isakodwemo.

Bambo amene chitsamba chanu chikuuma pamalo podikha madzi, matcheri sagwirizana ndi chinyontho chokhalitsa kumizu. Chisamutsireni pokwera, padzuwa la maola osachepera 6 patsiku, muphimbire pansi koma zophimbirazo zisakhudze tsinde. Inu amene zipatso zikuola n'kuumira panthambi, amenewo ndi matenda a chiwolawola, chotsani zouma zonse muzitaye kutali, mupungule nthambi zothithikana kuti mphepo izidutsa, koma osachotsa zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi pachaka. Ndipo inu amene mwabzala chaka chatha mukudandaula kale kuti palibe zipatso, dekhani, chitsamba chimafuna zaka zitatu kapena zinayi.

Kalata yomaliza ndi ya kasungidwe, yachokera kwa mtsikana amene akuti anathyola ndowa yodzaza ya Nanking, pofika tsiku lachitatu theka linali litaola, ndipo jamu amene anapanga wachita nguwi pamwamba. Akufunsa ngati angangochotsa nguwiyo n'kudya wotsalayo. Mchemwali, botolo limenelo litaye lonse, nguwi imalowa pansi kuposa pamene diso likuona. Nanking amachoka panthambi opanda kaphesi, ndiye pamatsala kabala kotuluka madzi, n'chifukwa chake sachedwa kuonongeka. Uzithyola m'mawa kukadali kozizira, m'ziwiya zosaya kuti asaphwanyane, ndipo uwagwirire ntchito tsiku lomwelo kapena lotsatira.

Njira yosavuta ndi kuwaumitsa ndi chisanu. Atsuke, akauma uwayale pathireyi osaunjikana, akalimba uwathire m'matumba otseka bwino. Pa madigiri 18 kunsi kwa ziro amakhala pafupifupi chaka. Ukafuna jamu, usadzivutitse kuchotsa njere imodziimodzi pa tizipatso tating'ono chonchi. Aphike ndi madzi pang'ono mpaka afewe, uwasefe pa sefa kuti njere zitsale zathunthu. Usawapere m'makina ali ndi njere, pa chifukwa chimene ndanena kale chija. Mnofu wosefawo uthire shuga wolingana nawo kapena wocheperako pang'ono, ndi madzi a mandimu, uphike ukutakasa. Dontheza pang'ono pambale yozizira, ukakankha ndi chala n'kuchita makwinya, wapsa. Thira akadali wotentha m'mabotolo otsukidwa bwino ndi otentha, usiye kampata kakang'ono pamwamba, upukute kukamwa kwa botolo, utseke, kenako uwiritse mabotolowo m'madzi owamiza kwa mphindi 10, ndipo ngati ukukhala pamalo okwera kwambiri onjezera nthawi. Akazizira, chivindikiro chikhale cholowa m'kati. Limene silinatsekeke bwino liike m'furiji, mulidye loyamba. Mitundu ya zipatso zokulirapo kuposa Nanking ingathenso kuumitsidwa, mutachotsa njere, pa moto wa madigiri 55 mpaka 60, kufikira italimba koma ikupindikabe ndipo ukafinya siituluka madzi.

Nthawi yatithera. Olemba sabata yamawa, mufotokoze tsamba, duwa ndi za m'kati mwa chipatso, ndipo munene ngati kwanuko kumazizira kapena ayi, kuti ndidzakuyankheni molunjika.