Sukulu ya Pasitima: Ophunzira Amakwera Bwanji Mapiri Sitima Ikaima Padoko?

[Poyambira: mapu a dziko lonse, kamzere kofiira kakuyenda panyanja kuchoka padoko lina kupita lina]

Moni nonse abale ndi alongo, kaya mukuonera muli pa Kasungu boma, ku Mtunthama, ku Santhe kapena ku Nkhamenya. Kuli sukulu ina yopanda mpanda, yopanda bwalo la mpira, ndipo pomwe inagona dzulo si pomwe yadzuka lero. Ndi sitima yapamadzi. Ophunzira a ku yunivesite amakwera sitimayi n'kukhala mmenemo teremu yathunthu, masiku opitirira 100, akuphunzira sitima ili pa ulendo. Ikaima padoko amatsika, ndipo ambiri maso awo amayamba agwera paphiri lomwe lili kuseri kwa mzindawo. Lero ndikufuna timvetsetse mmene ulendo wa kuphiri wotere umakonzedwera, chifukwa mwana wa kuno kwathu ali ndi chifukwa chapadera chonamizidwira ndi mapiri a m'mbali mwa nyanja yamchere.

Pulogalamu yodziwika kwambiri yamtunduwu ndi Semester at Sea ya ku America. Inayamba mu 1963, ndipo kuchokera mu 2016 mbali ya maphunziro ili m'manja mwa Colorado State University. Sitima yomwe akhala akuyendera kuyambira mu 2015 ndi MV World Odyssey, yopangidwa ku Germany mu 1998, yotalika mamita 175. Inu amene munaionapo Ilala pa Nkhotakota, ija ndi ya mamita 52, ndiye mundandalike zitatu, muwonjezerenso kachidutswa.

[Chithunzi: ophunzira ali m'kalasi, pawindo pakuoneka madzi okhaokha]

Tsiku lililonse lomwe sitima ili pakati pa nyanja likhoza kukhala la kalasi, kaya ndi Loweruka kaya ndi Lamlungu. Aliyense amatenga phunziro la Global Studies, lomwe limawauziratu za dziko lomwe akulowera: mbiri yake, ndale, zipembedzo, moyo wa anthu ake. Maphunziro enawo alinso ndi tsiku lawo lokaphunzirira kumtunda ndi mphunzitsi, ndipo limenelo sujomba. Masiku otsalawo ndiye ako. Njira ya sitima imasintha ulendo uliwonse, koma Cape Town ku South Africa, Port Louis ku Mauritius, Tema ndi Takoradi ku Ghana, komanso Kochi ku India ndi madoko omwe akhala akuoneka kawirikawiri pamndandanda. Malemu Archbishop Desmond Tutu anayendapo kangapo ndi ophunzirawa m'sitima momwemo. Pali ndi mwambo wa tsiku lodutsa equator, pomwe ena amameta mpala n'kupsopsona nsomba, koma umenewo ndi wa vidiyo ina.

[Wolankhula ayang'ana kamera, wotchi ili m'manja]

Musanaganize za nsapato kapena chikwama, gwirani ichi kaye. Padoko lililonse pamakhala ola lomwe wophunzira aliyense ayenera kukhala atalowa m'sitima. Ukachedwa pang'ono, chilango chake n'chakuti padoko lotsatira anzako akutsika iwe ukhala kaye m'kati maola angapo. Ukachedwa kwambiri sitima imanyamuka, ndipo ndalama zokaipezera kudziko lina zichoka m'thumba mwako. Si minibasi ya pa depoti ya Kasungu ayi, yomwe kondakitala amamenya chitseko kuti adalaivala adikire kaye amayi akubwera ndi dengu.

N'chifukwa chake wophunzira wodziwa amawerenga nthawi chobwerera m'mbuyo. Amayambira pa ola lolowera m'sitima, n'kuchotsa nthawi ya mzere wa pachipata cha doko, n'kuchotsa ya taxi, n'kuchotsa yotsika phiri. Ola lomwe watsala nalo ndilo lotembenukira, wafika pansonga kapena sanafike. Anthu ambiri amalephera pamenepa. Nsonga ikamaoneka pafupi mtima umakana kubwerera.

[Chithunzi: Table Mountain kuonera padoko la Cape Town]

Tiyeni ku Cape Town, chifukwa kumeneko ndiye phiri limakulandira sitima isanakocheze. Table Mountain pomwe patalika kwambiri, pa Maclear's Beacon, ndi mamita 1,086 kuchokera pamwamba pa nyanja. Tsopano taganizani: tauni ya Kasungu payokha yakhala pamtunda wopitirira mamita 1,000. Amayi amene akugulitsa tomato mumsika wa Kasungu m'mawa uno ali pafupifupi mulingo umodzi ndi mlendo amene waima pamwamba pa Table Mountain akujambulitsa. Sapitwa wa ku Mulanje ndi mamita 3,002. Mwana wa kuno akaona manambala amenewa amangoti, aaa, kaphiri aka tikakwera tisanamwe tiyi.

Apa ndi pomwe pali msampha. Nambala ya pamapu imawerengedwa kuchokera kunyanja, pomwe miyendo imawerenga kuchokera pomwe wayambira. Ife mapiri athu timawayambira tili kale m'mwamba. Phiri la Kasungu limangokwera mamita mazana ochepa kuchokera m'tauni. Ku Cape Town wadzuka m'sitima uli pa zero.

Njira yomwe ophunzira ambiri amadzera ndi Platteklip Gorge, mpata womwe unang'amba nkhope ya phirilo pakatikati. Mzungu woyamba kulembedwa kuti anakwera phirili, António de Saldanha wa ku Portugal, anadzera momwemu mu 1503, ngakhale eni dera, a Khoi ndi a San, ankalidziwa phirili kalekale iye asanafike. Taxi imakusiya pamsewu wa Tafelberg, ndipo kuchokera pamenepo ukwera pafupifupi mamita 700 pa mtunda wosakwana makilomita 3.

[Kamera pafupi: phazi likuponda sitepe ya mwala, bondo lafika pafupi ndi chifuwa]

Taonani masitepe akewo. Ndi miyala yosanjidwa, ina yofika m'bondo, ndipo njira imakhota uku ndi uku osakupatsa pamalo pafulati poti ntchafu zipumeko. Mbali imeneyi ya phiri inayang'ana kumpoto, ndipo kwa ife okhala kum'mwera kwa equator kumeneko ndi komwe dzuwa limawombera, choncho mthunzi ndi wosowa mpaka utalowa pakati pa makoma a thanthwe kumtunda. Wina amatha ola limodzi ndi theka, wina maola atatu. Ukayandikira pamwamba mpata umapanikizika, mphepo yozizira imabwera kudzakumana nawe, ndipo malaya omwe anyowa ndi thukuta amayamba kukuzizira pamsana nthawi yomweyo.

Pamwamba pake m'pokongola zedi, ndipo sindikufuna wina aganize kuti ndikumuopseza. Pansi pako pali mzinda wonse, doko ndi sitima yako yomwe ikuoneka kachinthu kakang'ono, ndipo patsogolo m'nyanja pali Robben Island pomwe Nelson Mandela anakhala m'ndende zaka 18. M'matanthwe muli mbira zikuwothera dzuwa. Zomera zake ndi zamtundu wa fynbos, tizitsamba ta masamba olimba ndi maluwa a protea, ndipo dera la Cape Peninsula lokha lili ndi mitundu ya zomera yopitirira 2,000, yambiri yosapezeka kwina kulikonse padziko. Wophunzira zaulimi kapena zachilengedwe akhoza kutha tsiku lonse atagwada pa kachigawo kamodzi.

[Chithunzi chofulumizitsidwa: mtambo ukuphimba phiri n'kumatsikira m'mbali]

Koma onani mtambo uwu. Mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imatenga chinyezi panyanja, n'kugunda phiri, n'kukakamizika kukwera. Mpweya ukamakwera umazizira, pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 aliwonse, ndipo chinyezi chija chimasanduka nkhungu yomwe imayala pamwamba pa phiri. Kuonera m'tauni n'kosangalatsa. Uli m'kati mwake suona ngakhale mnzako amene ali patsogolo pako, ndipo kumbali kuli phompho.

Mphepo yomweyo ndi imene imaimitsa cable car, kagalimoto koyenda pachingwe komwe kakhala kakunyamula anthu paphirili kuyambira mu 1929. Ophunzira ambiri amakonza zokwera wapansi n'kutsika pa cable car, nthawi yawo yonse n'kuiwerengera pamenepo. Akafika pamwamba apeza yatsekedwa chifukwa cha mphepo. Ndiye kuti masitepe onse aja uwatsike ndi mawondo otopa, maola ena awiri omwe sunawaike m'masamu ako. Ine ndinganene mosapsatira: Table Mountain si phiri lokwera tsiku lomwe sitima ikunyamuka. Ngakhalenso m'mawa womwe mwangofika si wabwino kwenikweni, poti munthu ukakhala masiku angapo panyanja thupi limazolowera kugwedezeka, ndipo ukaponda pamtunda umamva ngati nthaka ikuyendabe. Tsiku lachiwiri ndiye labwino, kuti nyengo ikakana ukhale ndi mawa.

A SANParks, omwe amayang'anira phirili, amalangiza kuyenda m'gulu la anthu anayi kapena kuposerapo. Nzeru yake njosavuta: wina akabinya phazi, mmodzi atsala naye, awiri apita kukaitana thandizo. Gulu limatetezanso kwa achifwamba, omwe nthawi zina amavutitsa anthu m'njira zina za phirili. M'chikwama mukhale madzi okwanira, jekete yotchinga mphepo ngakhale m'tauni kukutentha, chipewa, tochi, ndi mapu omwe mwawasunga kale mufoni, chifukwa intaneti ya m'sitima simutsika nayo.

Amene nthawi yamuthina angathe kupita ku Lion's Head, phiri loyandikana nalo la mamita 669. Ndi lalifupi, koma chakumapeto kuli unyolo ndi makwerero achitsulo, ndiye woopa m'mwamba adzere njira yolambalala.

[Mapu: sitima ikudutsa Indian Ocean, kamzere kaima pa Mauritius]

Ku Mauritius masamu a nthawi amathina kwambiri, poti maulendo ena sitima imangoima tsiku limodzi. Kuseri kwa Port Louis kuli Le Pouce, phiri la mamita 812 lomwe Charles Darwin anakwera mu 1836. Lili pafupi, ndipo wodzuka m'mamawa amabwerako nthawi ilipo.

Koma phiri lomwe limandigwira mtima ndi Le Morne Brabant, kunsonga ya kum'mwera chakumadzulo kwa chilumbachi. Ndi mamita 556 okha, thanthwe lalikulu loima m'mbali mwa nyanja. M'zaka za m'ma 1700 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1800, akapolo othawa m'minda ya azungu ankabisala m'mapanga ndi pamwamba pa thanthweli. Ambiri mwa akapolo a pachilumbachi anachita kugwidwa ku Madagascar, ku Mozambique ndi madera ena a kum'mawa kwa Africa, kufupi ndi kwathu kuno. Anasankha malo amenewa chifukwa chomwecho chomwe chimavutitsa okwera lero: chigawo chomaliza n'chokwawa ndi manja ndi miyendo, ndipo wobwera kudzakugwira umamuonera patali. Ukapolo unathetsedwa ku Mauritius pa 1 February 1835. Nkhani yomwe anthu a kumeneko amasimba imati apolisi atapita kukawauza kuti tsopano ndi mfulu, iwo anayesa abwera kudzawagwira, ndipo ena anadziponya kuphompho. Mu 2008 bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wa malo a mbiri ofunika padziko lonse.

Wophunzira wa ku Malawi akafika pamenepo asamangothamangira chithunzi cha pa Facebook. Awerenge kaye mbiriyi ali m'sitima, apeze womuperekeza wa komweko, amvetsere. Koma adziwenso kuti kuchoka ku Port Louis kukafika ku Le Morne ndi ulendo wopitirira ola limodzi pagalimoto, kubwerera chimodzimodzi, ndipo madzulo msewu wolowa mumzinda umadzaza. Ngati masamu sakukwana, Le Pouce ali pomwepo.

[Kamera m'munsi mwa phiri la Kasungu, achinyamata anayi anyamula zikwama]

Kukonzekera kwake sikufuna ndalama. Phiri ili tili nalo pakhomo. Kwerani, tsikani, kweraninso m'mawa umodzi womwewo muli ndi chikwama cha madzi kumsana, ndipo mulembe nthawi yokwera payokha, yotsika payokha. Mudzadabwa kuona kuti kutsika kumadya nthawi yambiri kuposa mmene mumaganizira, ndipo manambala amenewo ndi omwe mudzawerengere kutsidyako. Nsapato zatsopano muziphwanyire kuno, matuza atulukire pa Kasungu pomwe mankhwala ali pafupi. Amene angakwanitse apite ku Mulanje, akayambire pa Likhubula ndi woperekeza wa komweko, akalawe nkhungu ya paphiri lalikulu.

[Wolankhula wakhala pansi, mapepala ali patebulo]

Tsopano za m'thumba, poti makolo amene mukuonera limodzi ndi ana anu funso lanu ndi limeneli. Ulendo umodzi wa Semester at Sea umadya madola opitirira 25,000 a ku America, osawerengera tikiti ya ndege yokakwerera sitima, ma viza, ndi ndalama zoyendera padoko. Kwa banja lodalira fodya, soya kapena mtedza, imeneyi si ndalama yoti n'kuisonkha pamudzi. Khomo lomwe lilipo ndi la thandizo la maphunziro lomwe pulogalamuyi imapereka kwa ena mwa ofunsira, ndipo limafuna magiredi abwino ndi kufunsira nthawi ikadalipo. Zonse muzione pa webusaiti yawo yeniyeni, ndipo munthu aliyense wa pa WhatsApp amene akuti mumutumizire ndalama pafoni kuti akupezereni malo m'sitima, mumutaye.

Pasipoti ya Malawi imalowa ku South Africa ndi ku Mauritius popanda viza pa ulendo waufupi, koma maiko ena a panjira monga India amafuna viza, ndipo zimenezi zimakonzedwa sitima isananyamuke. Inu amene muli kale ku LUANAR, ku Mzuni kapena ku UNIMA, musanalembe fomu iliyonse pitani kaye ku ofesi ya registrar ndi mndandanda wa maphunziro a m'sitimawo, mukafunse ngati adzawawerengera pa digiri yanu, ndipo yankho lake akupatseni polemba.