Makalata Anu: Dziko Limodzi, Malamulo Awiri?

Takulandirani omvera. Thumba ladzaza sabata ino, koma ndiyambe ndi kalata ya mayi a ku Mponela, yomwe ndaiwerenga katatu. Akuti: "Ana anga awiri ali ku America. Wa ku Seattle ankandiuza kuti apolisi sangamange munthu chifukwa chogona panja. Mng'ono wake ku Texas ankati kumeneko ndi mlandu. Akundinamiza ndani?"

Mayi, musakalipire aliyense, onse ankanena zoona. Kwathu kuno khoti lalikulu la apilo ndi limodzi. Ku America, pansi pa khoti lalikulu la ku Washington pali makhoti a apilo 13, ndipo ambiri ali ndi chigawo chawochawo. Majaji atatu akagamula, chigamulocho chimagwira ntchito m'chigawo chonse, koma sichiwoloka malire.

Mu 2018 khoti la apilo la chigawo chachisanu ndi chinayi, lomwe likulu lake lili ku San Francisco, linagamula pa mlandu wa mzinda wa Boise kuti kulanga munthu wogona mumsewu pamene palibe pomugoneka ndi nkhanza zoletsedwa ndi malamulo a dziko. Seattle ili m'chigawo chimenecho. Texas ili pansi pa khoti la ku New Orleans, choncho sizinaikhudze, ndipo mu 2021 inakhazikitsa lamulo loletsa kumanga misasa m'malo a anthu onse.

Khoti lalikulu limamva milandu yosafika 100 pachaka, pomwe a apilo amalandira masauzande ambiri. Mlandu wa Boise linakana kuumva mu 2019. Linadzalowererapo mu June 2024, pa mlandu wa mzinda wina wotchedwa Grants Pass, majaji 6 kwa 3, n'kulola mizinda kulanga. Ine zimenezi zinandiwawa, mayi, sindibisa. Munthu alibe denga, ndiye ndalama ya chindapusa aitenga kuti?

Achimwene a ku Chipata akufunsa amene amasankha majajiwa. Pulezidenti amatchula dzina, nyumba ya malamulo ya Senate n'kuvomereza, ndipo mpando ndi wa moyo wonse. Nchifukwa chake andale amaukanganirana chonchi.

Bambo a ku Balaka, kalata yanu yachinayi yafika. Ndanena kale, ine sindipereka viza, ngakhale pasipoti yanga inatha ntchito! Ndipo nonse amene mukuti "America yalamula", chonde muzifunsa kaye kuti ndi khoti liti, la chigawo chiti. Agogo a ku Nsanje, moni wanu wafika, nyimbo yanu ikubwerayi.